Pawindo la kwa kazembe, banja lanu mukalifotokoze nokha

Lero ndikufuna ndicheze makamaka ndi inu amene amuna anu kapena akazi anu ali kutsidya kwa nyanja, ku America, ndipo mukudikira tsiku lokaonekera ku ofesi ya kazembe kuti akupatseni viza yowatsatira. Ndichezanso ndi inu makolo, ankhoswe ndi abale, chifukwa tsikuli likamayandikira ndinu amene mumakhala pakhonde n'kumalangiza mwana, ndipo malangizo ena amathandiza pomwe ena amamusokeretsa.

Ndiyambe ndi msuweni wanga. Anakwatiwa bwinobwino, chinkhoswe chinachitika, ukwati anakadalitsa kutchalitchi, anthu tinavina. Patangopita miyezi yochepa mwamuna anabwerera ku Indiana kumene amagwira ntchito, iye n'kutsala kuno, ndipo kwa zaka ziwiri zathunthu anakhala ndi apongozi ake kumudzi. Ndiye amene ankawaphikira, kuwatungira madzi, kuwaperekeza kuchipatala miyendo ikatupa. Tsiku la intaviyu litakwana anaima pawindo, ndipo wofunsa uja atamufunsa ziwiri zitatu anati, "Mayi a mwamuna wanu dzina lawo ndani?" Msuweni wanga anangoti kakasi. Zaka zonsezo iye ankangoti amayi, anthu a m'mudzi ankawaitana ndi mfunda wawo, ndipo dzina lawo lenileni, lija lili pa chitupa, anali asanalitchulepo ndi pakamwa pake ngakhale tsiku limodzi. Kwathu kuno mtengwa wotchula apongozi dzina timati ngwopanda mwambo. Koma pawindo paja mkazi wosadziwa dzina la apongozi ake amakayikitsa.

Chinamupulumutsa n'chakuti sanapeke dzina. Anakoka mpweya, n'kunena kuti, "Kwathu sititchula apongozi dzina. Ine ndimati amayi. Mfunda wawo ndi wakuti, amakhala mudzi wakuti, ndipo ndakhala nawo zaka ziwiri." Wofunsayo analemba pa kompyuta yake n'kupita pa funso lina.

Nkhani yanga yonse yagona pamenepo. Kukonzekera intaviyu ya viza ya banja si kuloweza mayankho amene wakulemberani munthu wina. Ndi kulidziwa bwino banja lanu lomwe, kudziwa zimene zinalembedwa pa mapepala anu, ndi kukazinena monga zilili ndi pakamwa panu.

Kuti timvane, tione kaye mtunda umene nkhani yanu imakhala itayenda musanafike pawindo paja. Imayambira kwa mnzanuyo ali ku America, kaya ndi nzika ya dzikolo kaya ali ndi chitupa chokhalira chija amati green card. Iye amatumiza fomu yotchedwa I-130 ku nthambi ya boma ya USCIS, kunena kuti uyu ndi mkazi wanga, uyu ndi mwamuna wanga. Kumeneko akavomereza, fayelo imapita ku National Visa Center, mumzinda wa Portsmouth ku New Hampshire. Apa mpamene inu mumalemba fomu yanu pa intaneti, ya DS-260, mnzanu uja n'kusainira ina, ya I-864, yolonjeza boma kuti adzakusamalani. Zonse zikakwana m'pamene amakupatsani tsiku ku ofesi ya kazembe ku Lilongwe. Pamakhala patadutsa miyezi yambiri, kawirikawiri kupitirira chaka, ndipo ndalama zimakhala zitapita. Pa mitengo ya mu 2024, fomu yoyamba ija inali madola 675 ukatumiza papepala, fomu ya viza madola 325, kuunika lonjezo la chisamaliro madola 120, kuchipatala kwapadera. Pa zonsezi, intaviyu yeniyeniyo nthawi zambiri imatenga mphindi zochepa chabe.

Tsono dziwani ichi. Munthu amene ali kuseri kwa galasi uja sayamba kukudziwani mukamupatsa moni. Fayelo yanu ili patsogolo pake. Ntchito yake ndi kuona ngati zotuluka pakamwa panu zikugwirizana ndi zolembedwa, ndiponso ngati banjali ndi banja lenileni. Fomu ya DS-260 imafunsa zambiri: maina onse amene munagwiritsapo ntchito, malo amene mwakhalako kuyambira muli ndi zaka 16, maina a makolo anu, maukwati akale, ana anu onse, ntchito, sukulu, ngakhale maina amene mumadziwika nawo pa Facebook ndi masamba ena a mchezo pa zaka zisanu zapitazi. Vuto lathu ambiri n'lakuti fomu imeneyi sitilemba tokha. Amatilembera mlamu wodziwa kompyuta, kapena mnyamata wa pa intaneti kafe, kapena dobadoba amene amati njira zonse amazidziwa. Wolembayo akafika pa funso lomwe sakudziwa yankho, amangoikapo chimene chamufikira m'mutu kuti ntchito ithe. Inu n'kupita pawindo osadziwa kuti pa fomu panu analemba kuti simunapiteko kunja, chikhalirecho pasipoti yanu yakale ili ndi zidindo za pa Mwanza ndi pa Beitbridge. Wokulemberani uja sadzakhalapo tsiku limenelo. Wokweza dzanja n'kulumbira kuti zonse zolembedwazi n'zoona ndinu. Ndiye kukonzekera koyamba n'kumeneku: funsani kope la zonse zimene zinatumizidwa m'dzina lanu, mukhale pansi, muwerenge mzere ndi mzere. Mukapeza cholakwika musachibise. Kachineneni nokha pawindo asanachitulukire iwo.

Mwina mukufunsa kuti n'chifukwa chiyani amakayikira chonchi anthu okwatirana mwachilungamo. Chifukwa chake n'chakuti alipo amene amagulitsa ukwati. Mu 1986 nyumba ya malamulo ya ku America inakhazikitsa lamulo lothana ndi maukwati achinyengo ongofunira mapepala. Wopezeka kuti analowa m'banja pofuna kuzembera malamulo olowera m'dzikomo akhoza kumangidwa mpaka zaka zisanu, kapena kulipitsidwa mpaka madola 250,000, kapena zonse ziwiri. Ndipo wopezeka kuti ananama mwadala pa nkhani yofunika pofuna kupeza viza amatsekeredwa khomo moyo wake wonse, pokhapokha atachita kukhululukidwa mwapadera, zomwe sizibwera wamba. Taganizani kusiyana kwake. Pepala likasowa, amakubwezani kuti mukalitenge. Bodza likagwidwa, ngakhale banja lanu likhale loona chotani, mwadzitsekera nokha.

N'chifukwa chake mtima umandipweteka ndikamva anthu akulangiza mwana kuti, "Usakanene zoti unakwatiwapo," kapena, "Mwana uja uli naye kwa agogo ake usakamutchule, angakukanize." Abale anga, malangizo amenewa ndi akupha. Kukhala ndi mwana si chifukwa chokanizira munthu viza. Kukwatiwapo kale si mlandu. Koma kubisa zimenezi ndiye mlandu. Ndiponso taganizirani za mwanayo. Mayi akalemba pa fomu kuti alibe mwana, mawa akadzakhazikika n'kufuna kuti mwana wake amutsatire, adzayambira pati, poti pepala lolumbirira likuti mwanayo kulibe? Ana onse alembedwe, kaya akupita nawo kaya akutsala, kaya anabadwira m'banja lino kaya ayi. Ndipo ngati mnzanuyo ndi nzika ya America, dziwani kuti viza yanu sinyamula ana. Mwana aliyense amafunika fomu yakeyake ya I-130, ndipo kuti mwana wopeza awerengedwe ngati mwana wa mnzanuyo, ukwati wanu uyenera kukhala kuti unachitika mwanayo asanakwanitse zaka 18. Mabanja ambiri amazindikira zimenezi mochedwa, mayi ali ndi viza m'manja, mwana alibe kalikonse.

Tsopano za mafunso enieniwo. Si mafunso a m'kalasi. Ndi mafunso amene mayi aang'ono anu angakufunseni mutabwera ndi chibwenzi pakhomo. Munakumana kuti, liti, anakudziwitsani ndani? Ukwati unachitikira kuti, kunabwera abale ati a mwamuna? Amagwira ntchito yanji, kuti, amalowa usana kapena usiku? Amakhala mumzinda uti, m'nyumba ya lendi kapena yake, yekha kapena ndi anthu ena? Anakwatirapo kale, ali ndi ana angati, maina awo ndani? Munaonana komaliza liti? Mumalankhulana bwanji, kangati pa sabata? Munthu amene ali pabanja lenileni zambiri mwa izi amazidziwa osachita kuganiza. Koma zilipo zina zimene ife, chifukwa cha kaleredwe kathu, sitizisunga. Ambiri sitikumbukira tsiku lobadwa la amuna athu chifukwa kwathu sitinkachita madyerero a tsiku lobadwa. Mkazi amatha zaka khumi akuti "bambo a mwana" osadziwa dzina lachiwiri la mwamuna wake. Mwamuna akati "ndili kuntchito," sitifunsa kuti kampaniyo dzina lake n'chiyani, timaona ngati n'kulowerera. Ndipo anzathu ali kunjako ena sanena bwinobwino ntchito imene amagwira. Wina amasamalira okalamba, wina amagwira m'fakitale usiku, koma kumudzi amangoti ali pa ntchito yabwino. Inu amene muli kunja mukundimvera pa foni, chonde auzeni akazi anu, auzeni amuna anu, ntchito yeniyeni imene mumagwira. Pa fomu ya I-864 munalemba zoona, ndipo makalata anu a msonkho ali m'fayelo. Mnzanu akakanena kuti ndinu namwino wamkulu pomwe pepala likunena zina, mwamuika m'mavuto ndinu.

Kuphunzira zinthu zimenezi si chinyengo ayi. Kufunsa mwamuna wako kuti anabadwa liti, adiresi yake ndi yotani, mkazi wake woyamba anasiyana naye chaka chiti, ndi kudziwana kumene kumayenera kukhalapo m'banja ngakhale pakanapanda viza. Chinyengo ndi kugwirizana kuti tikanene zimene sizinachitike. Ngati munadziwana pa Facebook, nenani kuti pa Facebook. Ngati anakupezerani ndi azakhali, nenani kuti azakhali. Ngati mwamuna ndi wamkulu kwa inu ndi zaka 20, kapena mkazi ndiye wamkulu, musachite manyazi, fotokozani mmene munakondanirana. Nkhani yoona imakhala ndi tizinthu tating'onoting'ono timene wopeka sangatiganizire: mvula imene inagwa tsiku la chinkhoswe, minibasi imene inafera panjira muli ndi ankhoswe, nkhuku imene amalume anakana kuti njaing'ono. Nkhani yoloweza imauma, ndipo akangokufunsani mokhotetsa pang'ono imaduka.

Pali makhalidwe athu ena abwino amene pawindo paja angatipweteke tikapanda kusamala. Loyamba ndi "inde" waulemu. Ife munthu wamkulu akalankhula timavomera ngakhale sitinamve bwino, kuopa kuoneka amwano. Pa intaviyu, "inde" aliyense ndi yankho la pansi pa lumbiro. Ngati simunamve, nenani kuti abwereze. Kalankhulidwe kawo ka Chingerezi ndi kosiyana ndi kamene tinaphunzira kusukulu, ndiponso mawu amadutsa pa galasi, palibe amene angakudabweni. Ngati Chingerezi chimakuvutani ndithu, funsiranitu ku ofesiko tsiku lisanafike kuti za womasulira zimayenda bwanji. Safunsa anadya phula. Lachiwiri ndi kuyang'ana pansi. Tinaphunzitsidwa kuti kuyang'ana wamkulu m'maso ndi chipongwe, koma kwa anzathuwa kuzemba maso kumaoneka ngati ukubisa kanthu. Dzutsani nkhope, muyang'aneni munthuyo, lankhulani momveka. Lachitatu ndi kuzungulira. Ife nkhani timayambira kutali, kuti womvera ayambe waona kumene yachokera. Pawindo yankhani chimene mwafunsidwa, mwachidule, ndipo akafuna zambiri afunsanso okha. Ndipo musaope mawu akuti "sindikudziwa" kapena "sindikukumbukira bwino tsiku lake, koma munali m'nyengo yokolola." Amenewo ndi mayankho ovomerezeka. Choipa ndi kuponya deti yongoganizira, kenaka n'kupezeka kuti ikutsutsana ndi imene ili pa pepala.

Tibwere ku mapepala, chifukwa kuno n'kumene Amalawi ambiri timapunthwa, ngakhale a mabanja olimba. Lamulo lathu la za maukwati la mu 2015 limazindikira ukwati wa kwa DC, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, wa pachikhalidwe, ngakhalenso wa anthu amene akhalira limodzi nthawi yaitali mpaka kudziwika ngati banja. Kunoko zonsezo ndi mabanja. Koma pawindo paja amafuna kalata ya ukwati yovomerezeka ndi boma, yeniyeniyo osati fotokope yokha. Ankhoswe ndi mboni zolemekezeka, koma sangalowe m'fayelo. Ndiye ambiri timakhala ndi masiku atatu: la chinkhoswe, la kutchalitchi, ndi lokadula mtchatho. Akakufunsani kuti munakwatirana liti, dziwani tsiku limene lili pa kalata imene inatumizidwa, ndipo ngati pakufunika fotokozani kuti mwambo wa makolo unachitika kale chaka chakuti. Musadabwe akafunsa chifukwa chake zithunzi zikuonetsa chaka china pomwe kalata ikunena china. Yankho lake n'losavuta mukalidziwiratu.

Nkhani yovuta kwambiri ndi ya maukwati akale. Kwathu banja limatha pabwalo la ankhoswe, mwamuna n'kunyamula zovala zake, aliyense n'kudziwa kuti zatha. Pepala palibe. Koma boma la America limafuna umboni wolembedwa wakuti ukwati uliwonse wakale, wanu ndi wa mnzanu yemwe, unatha ukwati uno usanayambe. Umboniwo ndi chikalata cha kukhoti chothetsa banja, kapena kalata ya imfa ngati mnzanu woyamba anamwalira. Ngati izi mulibe, yambani kuzilondola lero, ndipo ngati nkhani yake njopiringizika funsani loya, musadikire kuti tsiku la intaviyu lituluke. Ndinenenso mosabisa za mitala, ngakhale ndikudziwa kuti ena ziwawawa. Malamulo a America savomereza mitala. Ngati mwamuna ali ndi mkazi woyamba amene sanasudzulane naye mwalamulo, mkazi wachiwiri sangapeze viza ya banja, ngakhale kunoko ukwati wawo ukhale wodziwika kwa mfumu ndi kwa abale onse. Inu amayi amene mukudikira, funsani funso limeneli msanga, lisadzakupezeni pawindo.

Kenaka maina ndi zaka. Ambiri a ife dzina lili mwina pa setifiketi ya MSCE, mwina pa chitupa cha unzika, mwinanso pa pasipoti. Apa analemba ndi L, apo ndi R. Apa mfunda wa bambo, apo dzina la agogo. Ena tinachepetsedwa zaka tili ku pulayimale kuti tibwereze Sitandade 8. Ikani mapepala anu onse pa mphasa, pasipoti, kalata yakubadwa ya ku NRB, kalata ya ukwati, muone ngati dzina ndi tsiku lobadwa zikufanana. Zikasiyana, kakonzetseni ku maofesi oyenera kudakali nthawi, ndipo maina onse amene munadziwika nawo alembedwe pa fomu. Pasipoti ikhale yoti idzakhalabe ndi moyo miyezi isanu ndi umodzi kupitirira tsiku limene mukufuna kukalowa m'dzikomo. Pepala lililonse lolembedwa m'Chichewa kapena m'Chipwitikizi likhale ndi lomasulira lake la m'Chingerezi.

Ndibwerere kwa msuweni wanga uja, chifukwa nkhani yake sinathere pa dzina la apongozi. Mafunso onse anayankha bwino, koma tsiku limenelo viza sanaitenge. Asanakwatiwe anagwirako ntchito ku Joni kwa chaka ndi miyezi ingapo, ndipo pa fomu analemba zoona zake. Chimene sanadziwe n'chakuti kalata ya kupolisi ya kuno yokha siikwanira. Aliyense wa zaka 16 kupita m'tsogolo amafunika kalata ya kupolisi ya dziko lake, komanso ya dziko lina lililonse limene anakhalako miyezi 12 kapena kuposerapo, ndiponso ya kulikonse kumene anamangidwako, kaya anakhalako nthawi yochepa chotani. Anamupatsa pepala lolembedwa nambala ya lamulo, 221(g), lomuuza chimene chikusowa. Anatuluka akulira, poganiza kuti zonse zathera pomwepo. Sizinali choncho. Pepala limenelo limatanthauza kuti viza sangaipereke pakali pano, mwina chifukwa chikalata china chikusowa, mwina chifukwa akufuna kufufuza zina. Munthu amapatsidwa chaka chimodzi kuti abweretse chimene apemphacho. Iye anaitanitsa kalata ya apolisi a ku South Africa, inatenga miyezi, n'kuipereka, ndipo lero ali ndi mwamuna wake. Koma miyezi imeneyo akanaipewa. Inu nonse amene munakhalako ku South Africa, ku Zambia, ku Mozambique, ku Zimbabwe, ku Britain kapena kwina, yambani ndi kalata imeneyi chifukwa ndi imene imachedwa. Ndipo ngati munagwidwapo chifukwa cha mapepala n'kubwezedwa kumudzi, akakufunsani nenani. Zidindo za zala siziiwala.

Za kuchipatala ndilankhulepo pang'ono chifukwa pali mantha ambiri. Musanapite ku intaviyu mumayenera kukayezedwa kwa dokotala amene ofesi ya kazembe inamuvomereza, osati dokotala wina aliyense ngakhale akhale katswiri. Amaona makatemera anu, amaunika m'chifuwa kufuna TB, amayezanso matenda monga chindoko malinga ndi msinkhu wanu. Akakayikira TB amatenga makhololo, ndipo zotsatira zake zimatenga pafupifupi masabata asanu ndi atatu. Akaipeza mumamwa kaye mankhwala mpaka kuchira, ulendo n'kupitirira pambuyo pake. Koma ichi ndikufuna chimveke m'nyumba iliyonse: kuyambira mu Januwale 2010, kukhala ndi HIV si chifukwa chokanizira munthu kulowa m'dziko la America. Lamulo lakale lija linachotsedwa. Ngati mukumwa ma ARV, muuzeni dokotalayo zoona, ndipo musasiye mankhwala poopa kuti adziwa. Dokotala akakupatsani envelopu yomata, musaitsegule.

Nanga umboni wakuti banja lanu ndi lenileni? Tengani zimene moyo wanu wasiya m'mbuyo mwake. Zithunzi za chinkhoswe ndi ukwati zoonetsa abale a mbali zonse ziwiri, zithunzi za nthawi zosiyanasiyana mnzanuyo atabwera kudzacheza, matikiti a ndege ndi zidindo za m'pasipoti yake, malisiti a ndalama zimene amatumiza, makalata akubadwa a ana anu, ndi mauthenga ena a pa WhatsApp osindikiza papepala, popeza foni simulowa nayo m'katimo. Musapite kojambulitsa kukapanga zithunzi makumi awiri tsiku limodzi mukusintha zovala. Zoterezo amaziona tsiku ndi tsiku ndipo amazizindikira. Sanjani bwino m'fayelo kuti akapempha kalata ya ukwati musayambe kukhuthula chikwama chonse manja akunjenjemera. Mwina sadzapempha n'komwe kuona zithunzizo. Zisakudandaulitseni.

Tsikulo likafika, ngati mukuchokera kutali monga ku Karonga kapena ku Nsanje, kagoneni ku Lilongwe, musadalire basi ya m'mamawa. Valani zoyera, zaulemu, zimene mumamasuka nazo, palibe chifukwa chobwereka suti. Tengani kalata yokuitanani, pasipoti, zithunzi ziwiri za muyezo umene anakuuzani, ndi zikalata zenizeni za zonse zimene munatumiza pa intaneti. Mnzanu wa ku America sakakamizidwa kukhalapo. Adzakutengani zidindo za zala, mudzalumbira, ndipo mudzayankha mafunso pawindo. Mantha adzakhalapo, ndi chibadwa. Wofunsayo waona anthu ambiri amantha, ndipo amadziwa kuti kunjenjemera si kunama.

Akavomera, amasunga pasipoti yanu kuti aikemo viza. Ngakhale atakuuzani pakamwa kuti zatheka, musagulitse munda, musasiye ntchito, musagule tikiti ya ndege kufikira pasipoti ili m'manja mwanu ndipo mwaona vizayo ndi maso. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mukailandira, onani ngati dzina ndi tsiku lobadwa analemba bwino, muonenso tsiku lothera, chifukwa kawirikawiri viza imeneyi siipitirira miyezi isanu ndi umodzi ndipo muyenera kukalowa isanathe. Ngati pa tsiku lokalowa ukwati wanu udzakhala usanakwanitse zaka ziwiri, viza yanu ndi ya CR1 (mnzanuyo akakhala nzika ya America), ndipo green card yake ndi ya zaka ziwiri zokha. M'masiku 90 omaliza isanathe, inu ndi mnzanu mumayenera kutumiza fomu ya I-751 yoonetsa kuti banja likadalipo. Ukwati ukakhala kuti wakwanitsa zaka ziwiri, viza ya mkazi kapena mwamuna wa nzika ndi ya IR1 ndipo chitupa chake n'cha zaka 10.

Pali mawu amene ndikufuna ndilankhule kwa inu atsikana ndi amayi, ngakhalenso abambo ena, amene mukupita kudziko kumene mulibe nkhoswe, mulibe malume, mulibe pothawira. Pa intaviyu amakupatsani kapena kukufotokozerani kapepala konena za ufulu wanu ngati mutakachitiridwa nkhanza m'banja. Musakataye kapepalako pamodzi ndi malisiti. Werengani. Alipo amuna ndi akazi amene amaopseza anzawo kuti, "Ndinakubweretsa ndine, ukalankhula ndikubweza." Malamulo a dzikolo amalola munthu wochitiridwa nkhanza kupempha yekha kuti mapepala ake apitirire popanda siginecha ya womuzunzayo. Nambala ya apolisi kumeneko ndi 911. Ndipo lonjezo lija la pa fomu ya I-864, limene mnzanu amasonyeza kuti amapeza ndalama zosachepera 125 peresenti ya mlingo wa umphawi umene boma limalengeza chaka ndi chaka, ndi pangano la lamulo, ndipo silitha chifukwa choti banja latha. Pasipoti yanu ndi green card yanu muzisunga nokha. Sindikunena izi pofuna kuipitsa mabanja. Ambiri akukhala mwamtendere. Koma mwana wathu akamapita kutali tizimutsanzika atadziwa khomo lotulukira moto ukabuka.

Chomaliza, malamulo a ma viza a dziko la America akhala akusintha kawirikawiri, ndipo kusintha kwina kwatikhudza ife mwachindunji. Mu Ogasiti 2025 Malawi ndi Zambia anali maiko oyamba amene nzika zake zofuna viza yokacheza kapena ya bizinesi zinayamba kufunsidwa chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000. Chikole chimenecho chinali cha ma viza okacheza, koma chikutiphunzitsa kuti zimene anakumana nazo mnansi wanu zaka zitatu zapitazo mwina si zimene zilipo lero. Musanalipire kalikonse, musanakwere basi, onani pa tsamba la intaneti la ofesi ya kazembe ndi m'makalata amene akutumizirani, mutsimikize kuti viza ya mtundu wanu ikuperekedwa pa nthawiyo ndiponso kuti akufuna chiyani. Aliyense wokuuzani kuti ali ndi munthu wake m'katimo, kuti mukamupatsa kangachepe tsiku lanu lifulumira kapena viza ituluka, ndi wakuba. Musamupatse ndalama, ndipo musamupatse pasipoti yanu.

Inu amene tsiku lanu layandikira, usiku uno mukamaimbirana ndi mnzanuyo musathere pa kufunsana za umoyo ndi za ndalama ya feteleza. Tengani kope ndi cholembera. Mufunseni tsiku lake lobadwa, dzina la kumene amagwira ntchito, adiresi ya nyumba imene mukukakhala, ndi chaka chimene banja lake loyamba linatha ngati linalipo. Ndipo mwaulemu wonse, mufunseni kuti amayi ake dzina lawo ndani.